Nyumba Ngati Chikole: Mbiri ya Lamulo Loteteza Amisiri Omanga

Telala amene wasoka malaya a munthu sada nkhaŵa kwambiri ndi malipiro ake. Mwini malaya akabwera chimanjamanja, telala amangopinda malayawo, naŵaika m'bokosi, nanena kuti adzatengedwa tsiku limene ndalama zidzaoneke. Chimodzimodzinso wokonza njinga, wosoka nsapato ndi wokonza mawotchi: onseŵa katundu amene agwirapo ntchito amakhala m'manja mwao kufikira atalipidwa. Malamulo akale a ku England, amene adafalikira m'maiko ambiri olankhula Chingerezi, adavomereza khalidwe limeneli kuyambira kalekale, koma adaikapo malire: ufulu wogwira katundu umatha pamene katunduyo wachoka m'manja mwa mmisiri.

Womanga nyumba alibe mwaŵi woterewu. Njerwa ikangoloŵa m'khoma, lamulo limaiŵerengera pamodzi ndi nthaka, ndipo mwini wake ndiye mwini nthakayo. Kalipentala sangapinde denga ndi kuliika m'bokosi, ngakhale wopaka penti sangaipale m'zipupa ndi kuibwezera m'chitini. Mmisiri akabwerera usiku kukazula zitseko zimene adakhoma yekha, womangidwa ndi iyeyo, osati amene adamkaniza malipiro.

Vutoli limakula pamene pakati pa mwini nyumba ndi mmisiri paloŵa munthu wachitatu. Munthu akafuna kukonzetsa nyumba yake yakale, kaŵirikaŵiri amapangana ndi kontrakitala mmodzi, nampatsa ntchito yonse pamtengo umodzi. Kontrakitalayo amagaŵa ntchito kwa amisiri osiyanasiyana, wina wa denga, wina wa mipope ya madzi, wina wa magetsi, wina wa pulasitala, ndipo zipangizo amazitenga pangongole kwa ogulitsa matabwa ndi simenti. Ndalama zonse zimadzera m'thumba la kontrakitala. Thumbalo likabooka, kaya chifukwa cha umbava, kaya chifukwa chakuti mwini wake watsekera ngongole za ntchito ina, pamatsala anthu aŵiri osalakwa: mwini nyumba amene adalipira kale, ndi mmisiri amene sadalandire kanthu. Lamulo lakale lidali lakuti munthu angasumire yekhayo amene adachita naye pangano. Choncho mmisiri sakadakhudza mwini nyumba, koma adayenera kulondola kontrakitala, amene nthaŵi zambiri adali atathaŵa kapena atatsala manja lende.

Funso lakuti ndani mwa aŵiri osalakwaŵa ataye chake lavutitsa opanga malamulo kwa zaka zoposa 200, ndipo dziko limene lidaliyankha mwa njira yachilendo ndi la United States of America.

Likulu lomangidwa m'tchire

M'chaka cha 1790 Nyumba ya Malamulo ya America idagamula kuti likulu latsopano la dziko limangidwe m'mbali mwa mtsinje wa Potomac, ndi kuti boma lidzasamukire kumeneko m'chaka cha 1800. Malowo adali minda, nkhalango ndi madambo. Pulezidenti George Washington adasankha akuluakulu atatu kuti ayang'anire ntchitoyo, ndiwo Thomas Johnson, Daniel Carroll ndi David Stuart. Ndalama za boma zidali zochepa, ndipo chiyembekezo chidali chakuti anthu adzagula mapuloti ndi kumangapo nyumba zao. Koma amisiri aluso adali kutali, ku Philadelphia, ku New York, ku Boston ndi kutsidya kwa nyanja. Kodi mmisiri wanzeru zake akadasiya ntchito yodalirika ndi kupita kutchire kukamangira anthu osaŵadziŵa, amene chuma chao chidali nthaka yokhayokha popanda ndalama m'manja?

Mu Sepitembala 1791 akuluakulu atatuwo adakumana ku Georgetown pamodzi ndi Thomas Jefferson, amene adali Nduna Yoona za Kunja, ndi James Madison, phungu wochokera ku Virginia. Masiku omwewo ndi pamene mzindawo udapatsidwa dzina lakuti Washington. Pambuyo pake akuluakuluwo adapempha Nyumba ya Malamulo ya chigaŵo cha Maryland, imene idali kulamulirabe mbali imeneyo ya mtsinje, kuti ikhazikitse malamulo ofulumizitsa ntchito yomanga mzinda. Pa 19 Disembala 1791 lamulo lidavomerezedwa, ndipo mkati mwake mudali ndime yaifupi yonena kuti womanga nyumba mumzindamo, kaya wa njerwa kaya wa matabwa, adzakhala ndi chikole pa nyumbayo ndi pa malo amene yaimapo. Pangano lidayenera kukhala lolembedwa, ndiponso lolembetsedwa kwa kalembera wa malo. Mwini nyumba akakana kulipira, mmisiri akadapita kukhoti monga achitira munthu amene adakongoza mnzake ndalama atampatsa munda ngati chikole.

Ufulu umenewu m'Chingerezi umatchedwa mechanic's lien. Omvera asaganize za makaniko wa galimoto, pakuti masiku amenewo galimoto kudalibe, ndipo dzinalo linkatchulidwa kwa munthu aliyense wodya za luso la manja ake. Nzeru ya lamuloli idali yakuti, popeza mmisiri sangagwire nyumba ndi manja, agwire dzina la nyumbayo m'kaundula wa boma. Nyumba yolembedwa chikole siigulika msanga, ndipo banki siikonda kukongoza ndalama pa nyumba yotere. Mwini wake amakakamizika kuthetsa nkhaniyo, ndipo akauma mutu khoti lingathe kulamula kuti nyumba igulitsidwe, mmisiri alipidwe pa mtengo wake.

Mantha a amisiri sadali achabe. Kuyambira m'chaka cha 1793 anthu atatu amalonda, James Greenleaf, Robert Morris ndi John Nicholson, adagula pangongole mapuloti zikwi zingapo mumzindamo, nalonjeza kumanga nyumba za njerwa chaka ndi chaka. Pofika 1797 malonda ao adali atagwa, ndipo nyumba zambiri zidatsala zosatha. Morris, amene adayendetsa chuma cha dziko pa nthaŵi ya nkhondo yomenyera ufulu, adatsekeredwa m'ndende ya angongole ku Philadelphia kuyambira 1798 mpaka 1801. Ngati munthu wotchuka chotere adalephera kubweza ngongole zake, mmisiri adali ndi chifukwa chabwino chofunira chikole chimene sichingathaŵe.

Komabe khomo la lamulo la 1791 lidali lopapatiza. Lidateteza okhawo amene adalembedwa ntchito ndi mwini nyumba mwiniwake, ndipo amisiri olembedwa ndi kontrakitala adatsala panja. Padalinso gulu lina limene lamulo silidalione konse. Nyumba ya Pulezidenti, imene mwala wake woyamba udaikidwa mu Okutobala 1792, ndi nyumba ya malamulo ya Capitol, imene idayambidwa mu Sepitembala 1793, zidamangidwa ndi thukuta la akapolo ambiri achikuda, amene adaswa miyala, kucheka matabwa ndi kuumba njerwa. Oyang'anira mzinda ankalipira pafupifupi madola 5 pamwezi pa kapolo mmodzi, koma ndalamazo zinkapita kwa mbuye wake. Lamulo loteteza malipiro a omanga lidabadwira mumzinda umene omanga ake ambiri sadali ndi ufulu ngakhale pa matupi ao.

Njira ziŵiri

Chigaŵo chachiŵiri kukhazikitsa lamulo lotere chidali Pennsylvania, m'chaka cha 1803, chifukwa cha mzinda wa Philadelphia umene unkakula mofulumira. Lamulolo lidakonzedwanso mu 1806, ndipo m'kupita kwa nthaŵi amisiri ndi ogulitsa zipangizo a kumeneko adapeza ufulu woika chikole pa nyumba ngakhale sadapangane ndi mwini wake. Ku France nakonso, buku la malamulo la Napoleon la m'chaka cha 1804 lidalola omanga ndi akalipentala olembedwa ndi kontrakitala kusumira mwini nyumba, koma kulekeza pa ndalama zimene mwini nyumbayo adali asanapereke kwa kontrakitala.

Ku New York ufuluwu sudabwere ngati mphatso. M'chaka cha 1829 amisiri a mumzindamo, atatopa ndi makontrakitala amene ankagwa ndi kuŵasiya opanda malipiro, adayambitsa chipani chao chotchedwa Working Men's Party. Lamulo la chikole lidali limodzi mwa zofuna zao zazikulu, pamodzi ndi sukulu zaulere ndi kuthetsa mchitidwe womanga anthu chifukwa cha ngongole. Pachisankho cha chaka chomwecho adakwanitsa kutumiza kalipentala, Ebenezer Ford, ku Nyumba ya Malamulo ya chigaŵocho. Phungu mmodzi sakadapanga lamulo yekha, koma andale a zipani zazikulu adaona kuchuluka kwa mavoti a amisiri, nachita changu. M'chaka cha 1830 lamulo lidatuluka lonena kuti mmisiri wosalipidwa apereke kwa mwini nyumba chikalata chotsimikiza ngongole yake, ndipo mwini nyumba apatule ndalamazo pa zimene adayenera kupereka kwa kontrakitala.

Kuchokera pamenepo padabadwa njira ziŵiri, zimene akatswiri a malamulo amazitchula maina a zigaŵo ziŵirizo. Kusiyana kwake kumaoneka bwino ndi chitsanzo. Munthu wapangana ndi kontrakitala kuti amkonzere nyumba pamtengo wa madola 10,000. Ntchito yatha, ndipo walipira kale madola 8,000. Kontrakitala wasoŵa, ndipo amisiri atatu abwera kudzanena kuti sadalandire madola 5,000. Potsata njira ya New York, amisiriwo angagaŵane madola 2,000 okha amene atsala m'manja mwa mwini nyumba, ndipo otsalawo akaŵafune kwa kontrakitala. Potsata njira ya Pennsylvania, chikole chao chimagwira pa madola onse 5,000, ndipo mwini nyumba, pofuna kupulumutsa nyumba yake, amatha kulipira madola 13,000 pa ntchito ya madola 10,000.

Mbali iliyonse idali ndi mfundo zomveka. Oikira kumbuyo eni nyumba ankati si chilungamo kuti munthu alipire kaŵiri chinthu chimodzi, ndiponso alipire ngongole ya anthu amene sadaŵalembe, mwina sadaŵaonepo ndi kale lomwe. Oikira kumbuyo amisiri ankayankha kuti wosankha kontrakitala ndi mwini nyumba, wogwira ndalama ndi mwini nyumba, ndipo amene adzagona pansi pa dengalo ndi mwini nyumba yemweyo. Iye akadatha kufunsa asanapereke ndalama ngati amisiri alipidwa, pamene mmisiri alibe njira yoonera zochitika pakati pa aŵiriwo. Makhoti adamva madandaulo ambiri akuti malamuloŵa akulanda chuma cha anthu popanda chifukwa, koma ambiri mwa malamulowo adaimabe. Adafika ku Canada m'chaka cha 1873, pamene zigaŵo za Ontario ndi Manitoba zidakhazikitsa ao. Ku California anthu adaulemba ufuluwu m'malamulo aakulu oyendetsera chigaŵo chao a m'chaka cha 1879. Lero zigaŵo zonse 50 za America zili ndi lamulo la chikole cha amisiri, ngakhale kuti lililonse lili ndi kayendetsedwe kake.

Padatsala mpata umodzi waukulu. Nyumba ya boma siingaikidwe chikole, pakuti palibe khoti limene lingagulitse positi ofesi kapena linga la asilikali kuti lilipire kalipentala. Pofuna kutseka mpatawo, boma la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa Heard Act mu 1894, ndipo mu 1935 lidaliloŵetsa m'malo ndi lina lotchedwa Miller Act. Malamuloŵa adalamula kuti kontrakitala wa ntchito zazikulu za boma apeze kampani yomuimira, imene idzalipire amisiri ndi ogulitsa zipangizo iye akalephera. Apa chikole sichikhalanso nyumba, koma lonjezo la kampani yachuma.

Pamene mwini nyumba adakhala munthu wamba

Opanga malamulo oyambawo ankaganiza za anthu achuma omangitsa nyumba zamalonda. Koma m'zaka za m'ma 1900 mwini nyumba adasintha. M'chaka cha 1934 boma la America, pofuna kupezera ntchito amisiri amene adangokhala chifukwa cha kugwa kwa chuma, lidayamba kuikira kumbuyo ngongole zimene mabanki ankapereka kwa anthu ofuna kukonza nyumba zao. Itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, mabanja okhala m'nyumba zaozao adachuluka kwambiri: mu 1940 adali pafupifupi 44 pa mabanja 100 alionse, koma pofika 1960 adafika pafupifupi 62. Tsopano wokonzetsa khitchini kapena denga adali mphunzitsi, kalaliki kapena mai wamasiye, amene sadamvepo za chikole cha amisiri mpaka tsiku limene kalata yafika pakhomo pake. Lamulo limene lidapangidwa kuti liteteze wofooka kwa wamphamvu lidayamba kugunditsa mitu anthu aŵiri ofooka.

Yankho loyamba lidali lakuti mmisiri adzionetse msanga. Ku California, mwachitsanzo, mmisiri kapena wogulitsa zipangizo amene sadapangane ndi mwini nyumba ayenera kumtumizira kalata yodziŵitsa pasanathe masiku 20 chiyambire ntchito yake, yonena kuti iye ndani, akugwira ntchito yanji ndipo mtengo wake ndi wotani. Akachedwa, chikole chake chimangogwira pa ntchito ya masiku 20 a m'mbuyo mwa kalatayo ndi ya m'tsogolo. Ntchito yonse ikatha, ali ndi masiku 90 oti alembetse chikolecho ku ofesi ya kalembera, ndipo masikuwo amatsika kufika pa 30 ngati mwini nyumba walembetsa chikalata chonena kuti ntchito yatha. Atalembetsa, ali ndi masiku ena 90 oti akasume kukhoti. Akuluakulu adati mlandu suola, koma mlandu uwu wokha umaola ndithu: tsiku limodzi likapitirira, chikole chimafa, ndipo mmisiri amabwerera pomwe adali makolo ake chisanafike chaka cha 1791, kulondola kontrakitala yekhayo.

Kalata yodziŵitsayo imapatsa mwini nyumba zida zodzitetezera. Popeza akudziŵa tsopano maina a onse ogwira ntchito panyumba pake, angathe kulemba cheke chimodzi m'maina aŵiri, la kontrakitala ndi la mmisiri, kuti wina asachisinthe popanda mnzake. Angathenso kukana kupereka gaŵo lotsatira la ndalama kufikira kontrakitala atabweretsa zikalata zosainidwa ndi amisiri, zovomereza kuti gaŵo lapitalo adalandira. Ku California komweko lamulo limaletsa kontrakitala wokonza nyumba za anthu kulandiriratu ndalama zoposa gaŵo limodzi mwa magaŵo 10 a mtengo wonse, kapena madola 1,000, kutengera chimene chachepa. Ndiponso kontrakitala kapena mmisiri wogwira ntchito yofunika chiphaso alibe chiphasocho saloledwa kusumira malipiro ake kukhoti.

Yankho lachiŵiri lidalunjika pa kontrakitala mwiniwake. Chigaŵo cha Michigan mu 1931, ndi New York imene idasonkhanitsa ndi kulimbitsa malamulo ake mu 1959, zidanena kuti ndalama zimene kontrakitala walandira pa ntchito si zake kufikira atalipira amisiri ndi ogulitsa zipangizo a ntchito imeneyo. Iye ndi wosunga chabe. Akazitenga kukalipira ngongole ya ntchito ina kapena kukagula galimoto, sakhala wangongole wamba, koma angathe kuzengedwa mlandu wakuba. Lamuloli lidakhudza muzu weniweni wa vutolo, pakuti makontrakitala ambiri sagwa chifukwa cha ntchito imene ali nayo lero, koma chifukwa chakuti ndalama za lero zimatsekera dzenje la dzulo, ndipo za maŵa zidzatsekera dzenje la lero, mpaka tsiku limene ntchito yatsopano yasoŵa.

Michigan idayesanso njira ina kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Idakhazikitsa thumba limene omanga nyumba okhala ndi ziphaso ankasonkhamo ndalama, kuti mwini nyumba amene adalipira zonse asavutitsidwe, ndipo amisiri akatenge zao m'thumbamo. Njirayi idayenda kwa zaka zambiri, koma malonda a nyumba atagwa m'zaka za 2007 ndi 2008, madandaulo adachuluka kuposa ndalama, ndipo thumbalo lidathetsedwa mu 2010. Chodabwitsa china chidachitika ku Pennsylvania, kumene kudachokera dzina la njira youma ija. M'chaka cha 2014 chigaŵocho chidasintha lamulo lake, nichinena kuti mmisiri wolembedwa ndi kontrakitala sangaike chikole pa nyumba yokhalamo mwini wake ngati mwiniyo adalipira kale kontrakitala mtengo wonse wa pangano.

Makontrakitala nawo sadagone. Adayamba kulemba m'mapangano ao ndime yakuti mmisiri adzalipidwa pokhapokha kontrakitala atalipidwa ndi mwini nyumba. Mmisiri wosoŵa ntchito ankasaina, osazindikira kuti wasenza ngozi ya pangano limene sadalione, ndi ya zolakwa za amisiri anzake zimene zingakwiyitse mwini nyumba. Khoti lalikulu la New York mu 1995, ndi la California mu 1997, adagamula kuti ndime yotere ndi yopanda mphamvu, chifukwa imalanda mmisiri mwakachetechete ufulu wa chikole umene lamulo lidampatsa. M'zigaŵo zina ndimeyo imaloledwabe ngati yalembedwa momveka bwino.

Njira ya ku Britain

Dziko la England, kumene kudachokera lamulo la telala lija, silidatengere chikole cha amisiri omanga. Kwa zaka zambiri mmisiri wa kumeneko adali ndi njira imodzi yokha, ndiyo kusumira kontrakitala ndi kudikira, ndipo makontrakitala ena ankachedwetsa milandu dala podziŵa kuti mmisiri wamng'ono adzagwa mlandu usanathe. M'chaka cha 1994 Sir Michael Latham, amene adapemphedwa ndi boma pamodzi ndi mabungwe a omanga kuti afufuze mavuto a ntchitoyi, adatulutsa lipoti lake. Zina mwa mfundo zake zidaloŵa m'lamulo la m'chaka cha 1996, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Meyi 1998.

Lamulolo lidasiya nyumba pambali, nililunjika pa nthaŵi. Mbali iliyonse ya pangano ingathe kutengera mkangano kwa mkhalapakati wodziŵa za zomanga, amene ayenera kugamula pasanathe masiku 28. Woluza amalipira kaye, ndipo ngati sadakhutire angakadandaule kukhoti ndalama zitatuluka kale. Mmisiri wosalipidwa angathenso kuimitsa ntchito atachenjeza kwa masiku 7, popanda kuŵerengedwa wophwanya pangano. Ndime ija yakuti kontrakitala adzalipira akalipidwa idaletsedwa, kupatula pamene wolipira wa pamwambayo wagweratu pa chuma. Lamuloli silikhudza pangano la pakati pa kontrakitala ndi munthu amene akukonzetsa nyumba yokhalamo iye mwini, koma limagwira pa pangano la pakati pa kontrakitalayo ndi amisiri ake. Motero mwini nyumba salipira kaŵiri, ndipo mmisiri amapeza chigamulo m'mwezi umodzi. Chigaŵo cha New South Wales ku Australia chidatengera nzeru imeneyi mu 1999, ndipo maiko ena adatsatira.

Koma chigamulo chofulumira chimathandiza pokhapokha kontrakitala akali ndi kanthu m'thumba. Pa 15 Januwale 2018 kampani yaikulu yomanga ya ku Britain, Carillion, idagwa ili ndi ngongole ya pafupifupi mapaundi 2 biliyoni kwa makampani ang'onoang'ono ndi ogulitsa zipangizo okwana ngati 30,000. Ambiri mwa iwo adali atavomera kudikira masiku 120 asanalipidwe, ndipo zimene adapeza pambuyo pake zidali zochepa kwambiri. Chimene chidachitikira makampani amenewo ndi chomwe chimachitikira pulambala mmodzi pamene kontrakitala wa nyumba imodzi watseka ofesi yake.

Zimene zaka 200 zaonetsa

Palibe dziko limene lapeza njira yopulumutsa onse aŵiri, mwini nyumba ndi mmisiri, pamene ndalama zapita kale ndi munthu wapakati. Malamulo onse amene atchulidwaŵa amangosankha amene ataye chake, kapena amayesa kuimitsa ndalamazo zisanachoke. Ndipo poyang'ana kuyambira ku Maryland mu 1791 mpaka ku Pennsylvania mu 2014, chinthu chimodzi chimabwerezabwereza. Lamulo loyamba lidafuna pangano lolembedwa. La New York lidafuna chikalata choperekedwa kwa mwini nyumba ndalama zisanathe. La California limafuna kalata m'masiku 20 oyamba. La ku Britain limafuna chenjezo lolembedwa ntchito isanaimitsidwe. Konseko wotetezedwa ndi amene wadziŵika msanga ndiponso papepala, pamene ndalama zikali m'manja mwa mwini nyumba.

Amisiri ambiri amaopa kutumiza kalata yodziŵitsa, poganiza kuti kontrakitala adzakhumudwa ndipo sadzaŵapatsanso ntchito. Eni nyumba ambiri nawo amachita manyazi kufunsa ngati amisiri alipidwa, poopa kuoneka ngati okayikira munthu waulemu wake. Safunsa adadya phula. Kontrakitala wokhulupirika alibe chotaya pamene mwini nyumba ndi mmisiri adziŵana maina ndi mitengo, ndipo amene amapindula ndi kusadziŵana kwao ndi wachinyengo yekha. Kalipentala wa ku New York adafunikira chipani chandale kuti aloledwe kupereka chikalata chake kwa mwini nyumba. Adzukulu ake pantchito ali nawo ufuluwo m'mabuku a malamulo, koma chaka ndi chaka ena amautaya chifukwa adayamba kuŵerenga masiku kontrakitala atasoŵa kale.